Holo ya abale a ku migodi ku Salima: momwe ntchito ikuyendera

Bungwe la abale a ku migodi, lothandizana pa maliro, linasankha komiti yaing'ono kuti ichite zinthu ziwiri: kukonza holo mvula isanagwe, ndi kulemba mbiri ya bungwe akuluakulu oidziwa akadali moyo. Oyambitsa bungweli anali amuna amene anagwirako ntchito kunja, ena ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Halale kudzera ku Mthandizi (awiriwa anali mabungwe olemba anthu ntchito zakunja), ena opita okha pa selefu. Atabwerako anapitiriza zimene anazolowera m'makomboni, kusonkha mwezi ndi mwezi kuti m'bale akamwalira asaikidwe ngati mlendo. Amaitanana kuti abale. Ali ndi wapampando, mlembi, msungichuma ndi woyang'anira pakhomo, ndipo mamembala ambiri lero ndi ana ndi zidzukulu. Komiti yadziikira lamulo limodzi: chinthu chisanagumulidwe, kupalidwa kapena kupakidwa, chiyambe chajambulidwa, chayezedwa ndi kulembedwa. Zimene mabuku anataya, zina zikadali m'makoma.

Meyi, sabata yoyamba

Holo ndi ya mamita 14 m'litali ndi mamita 7 m'lifupi, kuyeza kunja. Makoma ndi a njerwa zootcha, kunenepa kwake masentimita 23. Mzere umodzi njerwa zinaloza mitu kunja, wotsatira zinagona chautali, kusinthana choncho mpaka pamwamba; womanga anali wodziwa ntchito yake. Chomangira si simenti, ndi dothi, ukakanda ndi msomali limayoyoka. Pepala loletsa chinyezi pa maziko palibe, ringibimu palibenso, ndipo pamwamba pa zitseko ndi mawindo anagoneka matabwa a mlombwa.

Nyumbayi sinamangidwe nthawi imodzi. Ukayeza mamita 9 kuchokera kukhomo lalikulu pali mzere woongoka, kuyambira pansi mpaka kudenga, pomwe njerwa sizinalumane. Kutsogolo kwa mzerewo njerwa ndi zazikulu, zofiira modera, zopsa bwino. Kumbuyo kwake ndi zocheperako, zotuwa, zina zimakandika ndi chikhadabo. Ndiye kuti holo yoyamba inali ya mamita 9, ndipo mamita 5 anachita kuonjezera. Onse amene tawafunsa akuti holo inali chonchi kuyambira kale, koma khoma likunena zina. Mzerewu sitiuphimba kunja.

Ming'alu ikuluikulu ilipo itatu. Uliwonse taupatsa nambala, ndipo tajambula timizere tiwiri ta pensulo, kena mbali iyi kena mbali inayo, motalikirana masentimita 10 ndendende. Tiziyeza pa 1 mwezi uliwonse. Dothi la pano ndi makande: mvula ikagwa limafufuma, m'chilimwe limauma n'kung'ambika, ndipo limanyamula maziko n'kuwatsitsa chaka ndi chaka. Mng'alu umene ukuyendabe ukaumata lero, Okutobala asanathe watsegukanso. Tidziwe kaye wamoyo ndi uti, wakufa ndi uti.

Meyi, sabata yachitatu

Bokosi lachitsulo la msungichuma, la mtundu uja anthu ankabwera nalo ku Joni, latsegulidwa pamaso pa mamembala asanu. Muli mabuku anayi a zopereka, buku limodzi la zokambirana pa misonkhano, chidindo cha labala chouma, ndi mtolo wa makhadi a umembala. Bokosilo linakhala zaka zambiri pa simenti penipeni, kunsi kunachita dzimbiri n'kubooka, chiswe n'kulowa. Buku lomwe linali pansi, lomwenso ndi lakale kuposa onse, ladyeka ngodya yakumunsi pa masamba pafupifupi 30. Chikuto ndi tsamba loyamba palibe, ndipo ndi pomwe pakanakhala tsiku loyambira bungwe.

Mabuku awiri anali onyowa. Sitinawayanike padzuwa, chifukwa pepala limapindika ndipo inki imazilala. Tawaimika chotsegula pamthunzi podutsa mphepo, n'kulowetsa mapepala oyera osalembapo pakati pa masamba khumi alionse, kumawasintha m'mawa ndi madzulo kwa masiku asanu. Nyuzipepala ayi, inki yake imatsalira. Nkhungu taichotsa itauma, ndi burashi yofewa, panja, titaphimba mphuno. Mapini ndi mastepulo adzimbiri tawachotsa onse. Selotepi taletsa: masamba amene wina anamatapo kale ndi omwe awonongeka kwambiri, guluu anasanduka wachikasu n'kulowa m'zilembo. Kumata makhadi mu pulasitiki yotenthetsa takananso, chifukwa zikatero sizibwezeka.

Tsamba lililonse lapatsidwa nambala ya pensulo pangodya. Kujambula tikuchita ndi foni, pakhonde pakati pa 9 ndi 11 koloko m'mawa, popanda fulashi, foni itayang'ana pansi molunjika ndi rula pambali. Dzina la chithunzi ndi nambala ya buku ndi ya tsamba, monga B2-047. Zithunzi zikusungidwa malo atatu, ndipo amodzi mwa malowo si m'holo.

Juni, sabata yoyamba ndi yachiwiri

Poti tsamba loyamba linapita, zaka tikuzipeza pogwiritsa ntchito zimene zimadziwika bwino m'mbiri ya dziko.

Choyamba ndi ndalama. Buku loyamba lonse ndi theka la lachiwiri alemba m'mapaundi, mashilingi ndi makobiri. Kwacha inayamba mu 1971, pa mlingo wa makwacha awiri pa paundi imodzi, ndiye shilingi imodzi inasanduka matambala 10. Tsamba limene mlembi anasintha kalembedwe lilipo, ndipo talitenga ngati chikhomo chathu. Apa panalakwika chinthu: okopera achinyamata anawerenga 2/6 ngati tsiku, 2 Juni, pomwe ndi mashilingi awiri ndi makobiri asanu ndi limodzi. Masamba 40 takoperanso. Aliyense wokopera tsopano ali ndi kapepala pambali: paundi ndi mashilingi 20, shilingi ndi makobiri 12, tiki ndi makobiri atatu.

Chachiwiri ndi kalembedwe. Mabuku akale alemba cuma, cimanga, cisoni, ndi c yekha. Kulemba ch kunakhazikika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma umboni uwu ndi wofooka, chifukwa mkulu amene anaphunzira kulemba c kusukulu ya mishoni ankapitiriza mpaka imfa. Timaugwiritsa ntchito pongothandizira umboni wina.

Chachitatu ndi zochitika. Pa masamba oyambirira amene apulumuka pali ndalama yolipirira m'bale wodwala sitima kuchokera ku Limbe kudzatsikira pa Salima. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndiye bukulo silingakhale lakale kuposa pamenepo. Cha pakati pa buku lomwelo pali miyezi yotsatizana imene zopereka zinatsika kwambiri, ndipo ndalama inkatuluka yogulira amayi amasiye chimanga osati ya maliro okha. Tikuona kuti imeneyo ndi njala ya 1949. Chotero m'mbiri tilemba kuti bungwe linayamba pakati pa 1935 ndi 1949, ndipo sitiika chaka chimodzi. Ena akufuna chaka chenicheni choti chilembedwe pakhomo. Komiti yakana, chifukwa chaka chongopeka chikalowa mu simenti, zidzukulu zidzachitenga ngati choonadi.

Za mamita 5 oonjezera aja zapezeka m'buku lachitatu. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi. Amuna ambirimbiri anabwerera kumudzi m'zaka ziwiri zotsatira. M'bukuli maina atsopano akuchuluka mwadzidzidzi nthawi yomweyo, kenako pakubwera chopereka chapadera cholembedwa kuti njerwa, m'makwacha. Anthu anachuluka, holo inachepa, anaumba mothamanga n'kuotcha ndi nkhuni zosakwanira. N'chifukwa chake njerwa za kumbuyo ndi zotuwa. Kulemba anthu kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA n'kutheratu mu 1988, ndipo kuyambira pamenepo olowa bungwe amalembedwa kuti mwana wa uje, osatinso ndi dzina la mgodi.

Juni, sabata yachinayi

Kucheza ndi akuluakulu. Tinayamba ndi gulu, zinakanika: wamkulu kuposa onse akalankhula ena amangovomera. Tsopano tikupita kwa mmodzimmodzi kunyumba kwake, anthu awiri, wina kufunsa wina kulemba, osapitirira ola limodzi. Tisanatsegule foni timapempha chilolezo, ndipo yankho lake limajambulidwanso. Funso lakuti chinali chaka chanji silibala kanthu. Lobala ndi lotere: Agogo, pamene munkalowa, munkasonkha mashilingi kapena matambala? Chinali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanathe kapena chitatha? Chivomerezi chinakupezani muli kale m'bungwe?

Amayi amasiye ndi amene akudziwa bwino zimene bungwe linkachita. Amakumbuka anabwera angati, ananyamula chiyani, anagona masiku angati pasiwa. Iwo ndi amene atimasulira mawu awiri obwerezabwereza m'mabuku, bokosi ndi sanda. M'bale wachikhristu ankagulirwa matabwa a bokosi, wachisilamu nsalu ya sanda, ndipo ndalama yotsala inkaperekedwa kwa mayi wamasiye kuti onse alandire zofanana. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma likuoneka tsamba ndi tsamba.

Pali mawu olonjerana ndi mwambo wolandirira m'bale watsopano umene mamembala sauza anthu akunja. Akuluakulu apempha kuti zisalembedwe, ndipo sizilembedwa. M'mbiri tingotchula kuti zilipo.

Julayi

Denga. Malata akale ndi a mafiti 8, mizere iwiri mbali iliyonse, onse pamodzi 96. Oboola ndi odyeka m'mphepete ndi 31. Otsalawo ndi okhuthala kuposa ambiri ogulitsidwa lero, ndiye tawasunga. Atsopano tagula a geji 28 a mafunde ofanana ndi akale. Amakono a makona aja sagwirizana nawo, ndipo a geji 32 ndi opyapyala, mwera ukhoza kuwang'amba pa msomali. Mwera womwewo watilepheretsa masiku anayi. Lata likagwidwa ndi mphepo m'manja limadula munthu, ndiye tikukhoma m'mamawa mokha. Poyala tayambira mbali imene mphepo ikupita, kuti milomo ya malata isayang'ane kumene mwera ukuchokera. Kusanjikiza m'mbali ndi funde limodzi ndi theka, kumutu masentimita 20. Msomali pamwamba pa funde, osati m'chigwa modutsa madzi. Mabowo ambiri a denga lakale anachokera pa kulakwitsa kumeneku.

Mathilasi, matabwa olumikiza onyamula denga, alipo asanu ndi awiri. Lililonse talibaya ndi sikuludiraiva kumapeto konse kuwiri. Awiri a kumbuyo ndi ofumbwa pomwe akhalira pakhoma, chiswe chinakwera m'kati mwa dothi lomangira osaonekera kunja. Sitinawachotse onse. Tadula pofumbwa, n'kuphatikiza matabwa atsopano opakidwa mankhwala mbali zonse ziwiri, kupitirira mita imodzi pa thabwa labwino, ndi mabawuti atatu a mamilimita 12. Gawo loonjezera lija denga lake silinamangiriridwe kukhoma n'komwe, limangokhala ndi kulemera kwake. Taboola khoma mizere isanu ndi umodzi kuchokera pamwamba, n'kukulunga thilasi lililonse ndi waya wokhuthala wopindidwa kawiri.

Ndowe za mileme zinali zochuluka pamwamba pa makoma. Tayamba tawaza madzi tisanasese, chifukwa fumbi lake limadwalitsa chifuwa. Mipata tatseka ndi sefa wa waya usiku, mileme itatuluka.

Ogasiti, sabata yoyamba mpaka yachitatu

Chivomerezi cha pa 10 Malichi 1989, chomwe chinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambiri kuno ku Salima, chinatsegula mzere uja pakati pa njerwa zakale ndi zatsopano. Buku la misonkhano likusonyeza kuti abale anasonkha mwachangu n'kupaka pulasitala wa simenti kunja konse, kuyambira pansi kufika m'chiuno, ndi m'kati penti yamafuta. Anachita ndi mtima wabwino, koma ndi zimenezi zimene zakhala zikudya nyumbayi. Khoma lomangira dothi lopanda pepala pa maziko limakoka madzi pansi, ndipo limafuna kuwatulutsa ngati thukuta. Simenti kunja ndi penti yamafuta m'kati zinatseka njira, madzi anakwera n'kumakhala m'katimo, dothi linafewa, chiswe chinapeza msewu wonyowa. Ukagogoda pulasitalayo ndi chogwirira cha hamala amalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti analekana ndi njerwa.

Tamuchotsa ndi tchizulo ndi hamala yaing'ono, mita imodzi imodzi, osati khoma lonse nthawi imodzi. Pomwe wagwira zolimba tamusiya, chifukwa kumukakamiza kumachotsa nkhope ya njerwa. Njerwa 140 za m'mizere itatu yapansi zapezeka zofumbutuka. Tikuzisintha zosapitirira zitatu pamalo amodzi, kudumpha mita, n'kubwererako patatha masiku atatu. Zolowa m'malo tatenga pa kasitolo kakale kamene kanagwa kuseri. Ndi za msinkhu womwewo ndipo sitinadule mtengo kuti tiotche zina.

M'kati mwachitika chinthu chachikulu. Popala penti kukhoma la kumanja kwa khomo, pansi pake pali njereza yosanjikizana kangapo, ndipo pansi pa njerezayo pali zilembo zakuda. Wopala anali atachotsa kale pafupifupi theka la mita asanazione, ndipo gawo limenelo lapita. Kulakwa ndi kwa komiti: tinayeza kunja mosamala koma m'kati sitinatsegule timawindo toyesera, timalo ting'onoting'ono topala kuti tione za pansi pa penti, tisanapereke ntchito. Ntchito inaima masiku asanu ndi limodzi. Tsopano tikupala ndi kampeni kakang'ono, kachigawo ka masentimita 5 pa 5, mosanjikiza mmodzimmodzi, pouma, popanda madzi. Usiku tikuunika ndi tochi chammbali, kuwala kukukwawa pakhoma, ndipo zilembo zimene masana sizioneka zimatuluka.

Zomwe zawerengeka mpaka pano ndi mizere isanu ndi iwiri ya malamulo, yolembedwa ndi c wakale: za kusonkha, za chindapusa cha wobwera ataledzera, za kugona pamaliro. Zili m'gawo lakale la holo mokha. Khoma limeneli silipakidwanso chilichonse. Tiika thabwa lotchinga kuti mabenchi asamakhudze, ndipo pomwe panapalika tisiya pomwepo, osalembapo zongoganizira. Makoma ena atatu tatsegula timawindo khumi pa lililonse, sitinapeze kanthu.

Sepitembala

Chomangira chatsopano ndi laimu ndi mchenga, ndowa imodzi ya laimu pa ndowa zitatu za mchenga. Matumba anayi oyamba anabwera olakwika, anali laimu wothira m'munda. Ameneyo ndi mwala wongopera, sagwira ngakhale udikire mwezi. Tinaumba kabulu koyesera, patatha sabata kanaphwanyika ndi zala. Wofunika ndi laimu womangira, wootcha. Tamuviika mu diramu, madzi akuyandama pamwamba, kwa sabata ziwiri mpaka anakhala ngati phala lolimba. Osakaniza avale magolovesi ndi zoteteza maso, laimu amaotcha.

Mchenga ndi wa kumtsinje, wosefa. Poyesa timathira mchenga m'botolo kufika gawo limodzi mwa atatu, kudzaza madzi, kukhutchumula, kusiya usiku. Matope okhala pamwamba akapitirira gawo limodzi mwa khumi, mchengawo utsukidwe. Ngolo yachiwiri inalephera mayesowa.

M'mizere timakanda dothi kulowa masentimita awiri ndi theka, kusesa, kunyowetsa, n'kukanikiza laimu ndi kachitsulo kopyapyala mpaka adzaze. Kutentha kwa Sepitembala kuno kumaumitsa msanga, ndipo laimu akauma mofulumira amasanduka ufa. Khoma la kuzambwe tinalimata masana tsiku loyamba, mawa lake linali litang'ambikang'ambika, tinakandanso mamita anayi. Tsopano tikutsatira mthunzi, kuzambwe m'mawa, kuvuma madzulo, ndipo masaka onyowa akulendewera pakhoma masiku asanu ndi awiri.

Miyeso ya ming'alu: woyamba, wa pa mzere wa chivomerezi, sunasunthe kuyambira Meyi. Wachiwiri, pamwamba pa zenera, nawonso uli pomwepo. Thabwa la mlombwa ndi lomwe linatsika pang'ono kalekale. Awiriwa tawasoka: kukanda mzere wachinayi uliwonse, kulowetsa waya wa bulikifosi, uja woyala m'mizere ya njerwa, wopitirira masentimita 50 mbali zonse, n'kumata. Pa woyamba tasokera m'kati kuti mzere uonekebe kunja. Wachitatu, pangodya ya kumwera chakuvuma, watseguka ndi mamilimita anayi. Ameneyo ndi wamoyo ndipo sitinamukhudze.

Okutobala

Mamita anayi kuchokera pangodya yomweyo pali mtengo wa mango, pomwe pamalendewera chidutswa cha njanji chimene amaimba poitana msonkhano. Mizu yake ikumwa madzi a m'makande pansi pa ngodyayo, dothi likufota, ngodya ikutsika. Ena anati udulidwe. Komiti sinavomere, ndipo chifukwa si chikumbutso chokha: ukadula mtengo waukulu pa makande, dothi lomwe linazolowera kuuma limamwa madzi n'kufufuma kwa zaka zingapo, ngodya imakwera, khoma limang'ambika kwina. Tasadza nthambi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, takumba ngalande yakuya mita imodzi pa mamita awiri kuchokera kukhoma, tadula mizu yopita kunyumba ndi sowo, n'kuimika malata akale awiriawiri tisanakwirire.

Dothi lozungulira holo linali litakwera mpaka kufanana ndi simenti ya m'kati, chifukwa cha kusesera kukhoma zaka zonsezi. Talitsitsa masentimita 15. Kenako tathira konkire yozungulira, mita imodzi m'lifupi, masentimita 7 ndi theka kunenepa, yotsetsereka masentimita 5 kuchoka kukhoma. Muyeso ndi simenti imodzi, mchenga itatu, miyala isanu ndi umodzi. Alowa matumba 16. Tadula mizere mamita awiri alionse kuti ikafuna kung'ambika ing'ambikire momwemo, ndipo sitinailumikize kukhoma, pali mpata wa chala wodzaza mchenga. Ngalande ya madzi a padenga ikukathira mamita asanu ndi limodzi kumunsi.

Njereza kunja tapaka kanayi, yopyapyala ngati mkaka, kamodzi patsiku pakhoma lonyowetsa. Yokhuthala imakanganuka.

Pepala la malo palibe. Akuluakulu onse akugwirizana kuti anapereka ndi amfumu a nthawi imeneyo, pakamwa. Amfumu a lero ayenda nafe m'malire pamodzi ndi oyandikana nawo anayi, taika zikhomo za konkire m'ngodya, ndipo onse asaina pa chojambula. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere, koma bungwe liyenera kuyamba lalembetsa matrasti ake, anthu osunga katundu m'dzina la bungwe, kuti malo asalembedwe m'dzina la munthu mmodzi. Nkhaniyi yapita ku msonkhano waukulu.

Novembala, mvula yoyamba

Yagwa usiku pafupifupi maola awiri. Denga ladontha malo amodzi, pamsonga pomwe lata latsopano lakumana ndi lakale. Tapindira mafunde m'mwamba ndi pulayala pansi pa chipewa chophimba msonga, lasiya. Madzi anaima pangodya ya kumpoto chifukwa ngalande inadzaza masamba a mango, tachotsa n'kuika sefa pakamwa pake. Bokosi la mabuku tsopano lili pa shelefu, masentimita 60 kuchokera pansi, losakhudza khoma, ndipo lizitsegulidwa mwezi uliwonse tsiku loyeza ming'alu.

Mng'alu wachitatu wabwerera ndi milimita imodzi. Tiuyeza mpaka Okutobala wa chaka chamawa tisanasankhe kuusoka kapena kulimbitsa maziko a ngodyayo. Kukopera kwafika tsamba 112 la buku lachitatu. Atsala akuluakulu awiri oti ticheze nawo, mmodzi ali ku Chipoka kwa mwana wake ndipo akudwala, ndiye tiyambira iyeyo Loweruka. Mzere wachisanu ndi chitatu wa malamulo a pakhoma wayamba kuoneka, mawu atatu oyamba okha, ndipo kupala kudikira khoma liume.